Mapu Awiri

Walinase wanditumizira mapu mu envulopu yakhaki,
pamwamba walemba kuti, "Adada, onani kumene ndimakhala."
Ndawayala patebulo kuno ku Chiputula,
ngodya ndatsinjiza ndi kapu ndi loko wa njinga
kuti chinyezi cha Julaye chisawapinde.

Mzinda wakewo, wa ku Mangalande,
anaujambula usanabadwe.
Misewu yake ili ngati ukonde wa pagolo:
yopingasa ili ndi manambala, yotsika ili ndi manambala,
pamene yakumana pali raundabauti,
ina pambuyo pa inzake, ngati mabatani a jekete.
Bokosi lililonse ndi mudzi pawokha,
sukulu yake, sitolo yake, dziwe lake lokumba ndi makina.
Apanjinga ali ndi njira yawoyawo, yofiira,
yolowa kunsi kwa msewu n'kukatulukira uko.
Pamenepo ndayang'anapo kawiri,
ndikukumbuka mnyamata wa sakaramento uja
amene minibasi inamukankhira m'ngalande ku Katoto
atanyamula mayi ndi thumba la mbatatesi.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndinagwira rula mu ofesi ya mapulani.
Inenso ndinajambulapo mzinda.
Ukadali m'kabati, njenjete zatha kudya Luwinga.
Ndinalemba ndi inki yakuda:
apa mafakitale, apa paki ya ana,
apa dambo, pasamangidwe kanthu.
Ndinapita kutchuthi kwathu ku Ekwendeni,
pobwera ndinapeza dambo lamera khonde,
tchalitchi cha malata ndi pometera tsitsi.

Mzuzu sadikira pensulo.
Amamanga Loweruka usiku, Lolemba mumapeza makatani.
Masasa wakangamira pachitunda
ngati nkhupakupa kukhutu kwa ng'ombe,
ndipo mvula ya Epulo ikakana kukata
dothi limanyamuka ndi zipupa zomwe.
Ching'ambo amagona khutu limodzi lili kumadzi.
Mchengautuwa watambalala mpaka mzere wanga wa malire
lero ukudutsa pakati pa khitchini ya munthu.
Chimaliro yekha ndiye anamvera rula,
koma wabisala kuseri kwa mipanda ndi agalu.
Lunyangwa sindinamuuzepo kokhota.
Ndipo m'mawa chifunga chikatsika ku Kaning'ina
chimafufuta zonse, zanga ndi zawo,
kusiya nsanja ya wotchi ikuyandama payokha
ngati chinthu choiwalika.

Pafoni Walinase anandiuza
kuti sabata yoyamba anasochera katatu pochokera kuchipatala:
maraundabauti onse nkhope imodzi,
mitengo yonse msinkhu umodzi,
munthu womufunsa njira panalibe.
Ndinaseka, koma nsanje inandilasa.
Kusochera chifukwa cha dongosolo!
Kuno mlendo timamuuza kuti,
"Mukafika pachigayo cha NyaMsiska mukhotere kumanzere,
mudumphe kamlatho ka mapulanga,
mufunse kwa bambo a mapulani."
Ndipo amandipezadi,
m'nyumba imene inenso ndinamanga
popanda chidindo cha ofesi yanga.

Tsono ndavala magalasi, ndikufuna khomo la mwana wanga.
Chala chayenda msewu wachisanu ndi chiwiri,
chadutsa dziwe, chadutsa siteshoni ya sitima,
chafika pamene manambala athera.
Dzina la msewu wake palibe.
Ndatembenuza pepala, ndawerenganso mndandanda. Palibe.

Kenako ndakaona, cha m'mphepete,
pamalo obiriwira pamene asindikiza kuti munda:
kamtanda ka bolopeni yabuluu
ndi timalemba take topendekera tija,
"Apa. Anamanga chaka chatha, mapu sakudziwa."

Ndakhala chete kanthawi.
Panja wina akukhoma malata, ngakhale kukuwaza.
Ndatenga pensulo yanga yakale, ndainola ndi lezala,
ndipo kuchokera pa raundabauti yawo yomaliza
ndajambula kamsewu kopita pakamtandako,
popanda rula.